Mlandu suwola: bala la msilikali lilembedwe

Aliyense wochita geni akudziwa lamulo ili: ngongole yosalembedwa m'kabuku ndi mphatso. Ukampatsa munthu thumba la mtedza kuti adzalipira mwezi ukatha, iwe osalemba paliponse, usadzadabwe tsiku limene adzakufunse kuti, "Thumba liti?" Ophunzira nawonso akuidziwa nkhaniyi. Chilembo chimodzi chokha chikalakwika pa satifiketi ya Folomu 4, dzina n'kusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, mwalowa m'mavuto. Mudzayenda maofesi mpaka nsapato kutha, kufuna kutsimikizira anthu kuti inu ndinu inuyo.

Lero ndikufuna tikambirane za ngongole ina yaikulu, imene inalembedwa mosasamala, mwinanso sinalembedwe n'komwe. Ndikunena magazi amene asilikali a dziko lino anataya kunkhondo. Alipo amene anabwerera kwawo ndi chipolopolo m'ntchafu, ena khutu litagontha ndi bomba, ena akutsimphina, koma pepala lawo lotulukira usilikali silinena kanthu za bala limenelo. Papita zaka makumi angapo. Iwo kapena ana awo akafuna kuti cholakwikacho chikonzedwe, yankho limakhala lomwe lija: bweretsani umboni.

Maganizo anga ndi awa. Msilikali sindiye ankasunga kaundula. Ankasunga ndi boma limene linamutuma. Tsono ngati kaundulayo anapsa, anasowa kapena analembedwa molakwika, n'chifukwa chiyani chilango chake chigwere munthu amene anagwira mfuti, osati amene anagwira cholembera? Dziko lino likufunika khomo limodzi lodziwika bwino kumene msilikali wakale, mkazi wake wamasiye kapena mwana wake angagogode kuti zolembedwa zake zikonzedwe. Ndipo khomo limenelo litsegulidwe msanga, mboni zisanathe.

Ife a ku Mchinji nkhani ya usilikali sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa. Boma lathuli kale linkatchedwa Fort Manning. Dzinali linachokera kwa William Manning, mkulu wa asilikali a atsamunda, ndipo linga lake linakhazikitsidwa Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Manning yemweyu ndiye anakhala woyang'anira wamkulu woyamba wa gulu la King's African Rifles, limene makolo athu analitcha Keyala, ndipo kenaka anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Ku Zomba nakonso, barekisi inapatsidwa dzina la Alexander Cobbe, mzungu amene analandira mendulo yapamwamba koposa ya Angerezi, Victoria Cross, chifukwa cha nkhondo ya ku Somaliland mu 1902. Pa nkhondo imeneyo anali ndi asilikali ochokera kuno. Dzina la Manning linakhala pa mapu, la Cobbe linakhala pa geti. Nanga a anyamata amene anali nawo limodzi kutsogolo aja ali pati?

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo anthu m'dziko muno anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Palibe mudzi umene unatsala. John Chilembwe anaziona zimenezi nkhondo itangoyamba kumene, ndipo mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufa pa nkhondo ya eni, n'kusiya akazi ndi ana amasiye opanda chowathandiza. Pa chipilala cha Keyala ku Zomba pali maina a asilikali oposa 1,200 amene anafa pa nkhondo imeneyo. Amtengatenga amene anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo atasenza katundu wa nkhondo, ambiri a iwo alibe ngakhale mwala.

Zimenezi si zonena ine ndekha. Mu April 2021, bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a kuno ku Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain panthawiyo, a Ben Wallace, inaimirira m'nyumba ya malamulo ya kwawo n'kupepesa. Zaka zoposa 100 zitapita, eti! Ngati akufa sanawerengedwe bwino, mukuganiza kuti ovulala ndiwo analembedwa mosamala?

Pa nkhondo yachiwiri anthu athu oposa 25,000 analowanso usilikali. Anamenya nkhondo ku Moyale pamalire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940, ku Tug Argan m'dziko la Somaliland chaka chomwecho, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma, mvula ikugwa usana ndi usiku, akulimbana ndi Ajapani. Nkhondo itatha, ena anatumizidwanso ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Barekisi ya Moyale ku Mzuzu dzina lake n'lochokera kumeneko.

Tsono tione mmene bala linkalembedwera, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Angerezi analibe mendulo yapadera ya munthu wovulala. Chimene anakhazikitsa mu 1916 ndi kamzere ka golide kosokerera pa mkono wa kumanzere wa yunifolomu, kamodzi pa nthawi iliyonse imene munthu wavulala. Anakabwezeretsanso mu 1944, n'kukathetsa mu 1946. Kuti munthu avale kamzereko, dzina lake linayenera kutuluka pa mndandanda wa ovulala. Mwaona kodi? Bala lokha silinali lokwanira. Panafunika kuti kalaliki wina alilembe. Ngati tsiku limenelo kalalikiyo anathawa mabomba, kapena bukhu lake linanyowa, kapena analemba kuti "wadwala" m'malo molemba kuti "wavulala", basi, mbiri ya munthu yapotoka mpaka kumanda.

Ndiye pali nkhani ya maina. Mnyamata wa kumudzi akafika polembetsa, mzungu ankalemba zimene khutu lake lamva. Wina ankalembedwa dzina limodzi lokha, wina dzina la bambo ake, wina dzina lamasewera limene anzake anampatsa pa mzere pomwepo. Kwa ife a kumalire vutoli n'lowirikiza, chifukwa fuko limodzi lili mbali zonse ziwiri. Munthu wobadwira kuno ankatha kukalembetsa kutsidya, ku Fort Jameson kumene lero ndi Chipata, n'kulowa gulu la Northern Rhodesia Regiment, zolembedwa zake n'kutsalira dziko lina. Chimene chinkamudziwitsa msilikali kwenikweni chinali nambala yake. Nambala ikaiwalika, munthu wasowa.

Mwina mukuti, nanga mamendulo aja sangakhale umboni? Apa ndiye pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa dzina ndi nambala m'mphepete mwake. Koma amene Angerezi anapereka pa nkhondo yachiwiri, monga Burma Star, Africa Star ndi 1939-45 Star, anaperekedwa opanda dzina. Mendulo ya agogo anu ndi ya agogo a mnzanu n'zofanana ngati makobili. Imanena kumene munthu anapita, siinena kuti munthuyo ndani, ndipo siinena kuti anavulala.

Kuno m'dera la a Mavwere ndikudziwa mayi wina wogulitsa mtedza ndi soya pamsika. Bambo ake anabwera ku Burma akutsimphina, ndipo anatsimphina moyo wawo wonse. Chipsera cha pa ntchafu yawo chinkadziwika ndi mudzi wonse. Ana ankachita kupempha kuti achione. Anamwalira zaka zapitazo, n'kusiya kachitini ka mamendulo atatu ndi pepala limene chiswe chinadya theka. Pa theka lotsalalo, dzina linalembedwa mosiyana ndi limene banja limagwiritsa ntchito, ndipo za bala palibe liwu. Mayiyu anapitapo ku ofesi ina mumzinda, atasiya benchi yake tsiku lathunthu. Sankafuna ndalama. Anandiuza kuti, "Achimwene, ine ndimangofuna adzukulu adzadziwe kuti agogo awo sanagwe mumtengo, analasidwa kunkhondo." Anauzidwa kuti abwere ndi kalata ya dokotala amene anawachiritsa. Dokotala wa mu 1944, m'nkhalango ya ku Burma! Anangoseka n'kukwera minibasi kubwerera.

Sindikudzudzula kalaliki amene anamuyankhayo. Iye anatsata zimene zili pa tebulo pake. Cholakwika n'choti tilibe njira yodziwika yoti munthu ngati mayi ameneyu amvedwe, umboni umene ali nawo uunikidwe, n'kupatsidwa yankho lolembedwa.

Anzathu ena vuto lomweli anakumana nalo, koma anapeza pogwira. Ku America kuli mendulo yotchedwa Purple Heart, imene inakhazikitsidwa mu 1932, ndipo imaperekedwa kwa msilikali wovulazidwa kapena kuphedwa ndi adani. Lamulo lake nalonso limadalira pepala: bala likhale lochokera kwa adani, likhale loti linafunika dokotala, ndipo chithandizocho chikhale kuti chinalembedwa. Ambiri amene anamenya nkhondo ku Korea ndi ku Vietnam anamangidwa bandeji m'ngalande n'kubwerera kukamenyana, popanda amene analemba. Kuwonjezera apo, pa 12 July 1973 moto unabuka m'nyumba yosungira mafayilo a asilikali mumzinda wa St. Louis, n'kutentha mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Mwa asilikali a pamtunda amene anatuluka usilikali pakati pa 1912 ndi 1960, mafayilo 80 pa 100 alionse anapsa.

Kodi Amereka anangoti zapsa basi? Iyayi. Kuyambira mu 1946 lamulo lawo linalola kuti nthambi iliyonse ya asilikali ikhale ndi komiti ya anthu wamba yokonza zolakwika m'mafayilo. Munthu amadzaza fomu imodzi, yotchedwa DD Form 149, n'kuphatikiza umboni umene ali nawo. Lamulo limati adandaule pasanathe zaka zitatu chidziwireni cholakwikacho, koma komiti ili ndi mphamvu yolandira dandaulo lochedwa ngati chilungamo chikufuna choncho. Fayilo ikakhala kuti inapsa, amafufuza m'mabuku a malipiro, m'makaundula a zipatala ndi m'malipoti a tsiku ndi tsiku a gulu limene munthuyo anali. Amamvanso mawu olumbira a anzake amene anali naye. Si onse amene amapambana, ena amakanidwa ndipo amadandaula kwambiri. Koma nkhalamba za zaka 80 ndi 90 zakhala zikulandira mendulo imeneyi, zina ana awo n'kulandira m'malo mwawo. Khomo lilipo, ndipo aliyense akulidziwa.

Ifenso moto wathu tinali nawo. Mu 1919 maofesi a boma la atsamunda ku Zomba anapsa, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zinapita ndi motowo, nkhondo yoyamba itangotha kumene. Nyumba yosungira zolembedwa zakale inadzakhazikitsidwa ku Zomba mu 1947. Kusiyana kwa ife ndi Amereka si moto ayi. Kusiyana kwake n'koti iwo anavomera kuti moto si mlandu wa msilikali.

Ku France nako, asilikali a ku Africa amene anamenyera dzikolo anaimitsiridwa penshoni pa mlingo umodzi ndi lamulo la mu 1959, pamene ya anzawo achizungu inkakwera chaka ndi chaka. Msilikali wina wa ku Senegal, Amadou Diop, anakasuma, ndipo mu 2001 khoti lalikulu loona milandu ya boma linagamula kuti kumeneko kunali kusankhana. Chigamulocho chinatuluka mwini wake atamwalira kale, koma chinatsegulira ena njira. Ku Kenya, asilikali ena a nkhondo yachiwiri anataya mamendulo awo nthawi ya Mau Mau poopa kutchedwa akapirikoni a azungu. Mu November 2023 Mfumu Charles itapita ku Nairobi inawapatsa ena atsopano ku manda a Kariokor. Zonsezi zikutiuza chimodzi: mlandu suwola.

Kwa ankhondo athu a ku Burma, kunena zoona, tachedwa. Amene ali moyo lero ndi owerengeka, a zaka 100 kapena kuyandikira. Anabwerera kwawo atawapunja kale pa malipiro: chikalata cha boma la Britain cha mu 1945, chimene atolankhani anachiulula mu 2019, chikuonetsa kuti ndalama yothokoza msilikali wamba wachizungu inali masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni atatu ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani sichinkasankha khungu, koma cholembera chinasankha. Madzi akatayika sawoleka. Chimene tingawachitire tsopano ndi kukonza maina awo ndi kulemba mabala awo, kuti ana awo akhale ndi pepala loona.

Koma pali gulu lina limene sitinachedwe nalo, ndipo ndilo landichititsa kulemba nkhani ino. Kuyambira mu 1987, asilikali a Malawi anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, imene zigawenga za Renamo zinkaiwononga. Anakhala kumeneko mpaka nkhondo ya m'dzikomo itatha ndi pangano la mtendere la ku Rome la mu October 1992, n'kubwerera m'chaka chotsatira. Inu amalonda nkhaniyi ikukukhudzani mwachindunji: njanji imeneyo ndiyo inali njira yathu yaifupi yopita kunyanja, ndipo itatsekeka katundu ankazungulira mpaka ku Durban, mitengo ya zinthu n'kukwera. Anyamata amenewo ankalondera mafuta, feteleza ndi mchere wathu. Ena anafa, ena anavulala.

Nanga tinamva zingati? Kumbukirani nthawi yake. Chipani chinali chimodzi, wailesi imodzi, ndipo nyuzipepala zinkalemba zokomera Ngwazi. Maliro a msilikali sanali nkhani yoti n'kufunsa mokweza. Amene anali ndi zaka 25 nthawi imeneyo lero adutsa zaka 60. Ambiri ali m'midzi mwathu momwemu, akulima fodya ndi mtedza, ena akulondera magolosale m'tauni usiku. Anzawo amene anawanyamula pamachira akadali moyo. Anamwino ndi madokotala amene anawasoka, ena a iwo akadalipo. Akuluakulu amene ankawatsogolera angathe kukumbukira tsiku ndi malo. Uwu ndiwo umboni umene nkhalamba za ku Burma zinalibe pamene ana awo anayamba kufunsa. Tikadikira zaka zina 20, tidzakhala tikulankhula za Nacala monga tikulankhulira za Burma lero. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Kuti muone mphamvu ya mboni ndi cholembera, taonani nkhani ya Chancy Chitete. Mu November 2018, asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo, ali pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations. Chitete anaphedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Mtanzaniayo anachira, ndipo zimene zinachitika zinalembedwa nthawi yomweyo. Mu May 2019, patangotha miyezi isanu ndi umodzi, mlembi wamkulu wa United Nations a António Guterres anapereka ku banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yapamwamba koposa kwa osungitsa mtendere. Ulemu umenewu anauyenera, ndipo tonse tinanyadira. Koma dzifunseni: ku Kabaw ndi ku Nacala kunalibe a Chitete? Analipo ndithu. Chimene chinasowa ndi wolemba. Ndipo poti mu January 2025 tinatayanso asilikali atatu kummawa kwa Congo komweko, nkhani ya mafayilo si ya nkhalamba zokha. Mnyamata amene wabwera chaka chathachi ndi khutu logontha, fayilo yake ikunena chiyani?

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba ati, mukatsegula khomo limeneli mudzaona akathyali. Aliyense amene anagwa panjinga adzati analasidwa ku Nacala. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Dziko lino tawaonapo antchito a m'mapepala okha, olandira malipiro ali kumanda. Koma mankhwala a bodza si kutseka khomo, ndi kufufuza. Dokotala amatha kusiyanitsa chipsera cha chipolopolo ndi cha khasu. Chidutswa cha bomba chimaoneka pa ekisire ngakhale patapita zaka 40. Bukhu la malipiro limaonetsa ngati munthu analidi m'gulu lakutilakuti mwezi wakutiwakuti. Mboni ziwiri zolumbira, zofunsidwa padera, n'zovuta kuti zigwirizane pa bodza. Ndipo wonama pa lumbiro lamulo lomulanga lilipo kale. Wamalonda saleka kugulitsa chifukwa choti kunja kuno kuli ndalama zachinyengo, amangophunzira kuziyang'ana padzuwa.

Chachiwiri ati, boma lilibe ndalama. Koma zimene ndikupemphazi si msewu wa phula. Ndi anthu asanu kapena asanu ndi awiri, tebulo, makalaliki awiri ndi mafuta oyendera m'maboma. Komanso tisiyanitse zinthu ziwiri: kukonza fayilo ndi kulipira chipukuta misozi. Choyamba chichitike kwa aliyense amene umboni wake wakwana. Chachiwiri chitsatire malamulo a penshoni ndi a olumala pa ntchito, kwa amene akuyenera. Kukana kulemba zoona chifukwa choopa kuti zoonazo zidzafuna ndalama, kumeneko ndi kung'amba tsamba m'kabuku ka ngongole.

Chachitatu ati, mendulo sadya, bola kuwapatsa chimanga. Chimanga apatsidwe kumene, ndipo mabungwe a asilikali akale amene amawathandiza ayamikidwe. Koma amene amanena kuti ulemu ulibe ntchito ndi amene sanalandidwepo. Munthu amene wakhala zaka 35 akuuza ana ake kuti anavulala kunkhondo, pepala la boma likumutsutsa, amakhala ngati wabodza m'nyumba mwake momwe. Kumuyeretsa pamaso pa ana ake si chinthu chaching'ono.

Chachinayi ati, za Keyala ndi ngongole ya Angerezi, ife sizikutikhudza. Ya Angerezi kumene, ndipo boma lathu liyenera kuwakumbutsa popanda manyazi, makamaka kuti atipatse makope a zolembedwa zilizonse za asilikali a Nyasaland zimene zili ku London. Koma gulu lathu la nkhondo linabadwa kuchokera ku Keyala yemweyo mu 1964. Wolowa chuma amalowanso ngongole. Sitingamaimbe malipenga awo pa perete n'kumakana mafayilo awo.

Tiphunzirenso pa zimene tinalephera kale. Matipate atabwera mu 1994, malamulo oyendetsera dziko anakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal loti lipepese amene anazunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Linapatsidwa zaka khumi zokha, n'kutsekedwa mu 2004 anthu ambirimbiri asanalandire zawo zonse, mpaka ofesi ya Ombudsman inadzatulutsa lipoti pa nkhani yomweyi mu 2017. Phunziro lake n'loti komiti ya mtundu umenewu isakhale ndi tsiku lotsekera, ndipo isalonjeze zimene singathe.

Tsono pempho langa kwa aphungu athu, kuyambira a kuno ku Mchinji, ndi ili. Pakhale lamulo lokhazikitsa komiti yokonza mafayilo a asilikali, mokhala woweruza milandu wopuma, dokotala, katswiri wa zolembedwa zakale ndi nthumwi za asilikali akale eniake. Fomu yake ikhale imodzi, m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, yopezeka kwa DC aliyense, yaulere. Mkazi wamasiye, mwana kapena mdzukulu aloledwe kudandaula m'malo mwa malemu. Kumene fayilo inasowa m'manja mwa boma, umboni wa dokotala, wa anzake ndi wa mfumu ya m'mudzi ulandiridwe. Komiti iziyenda yokha kukakhala pa maboma, nkhalamba zisamachite kugulitsa mbuzi kuti zikafike ku Lilongwe. Ndipo yankho lililonse, lovomera kapena lokana, lizilembedwa ndi zifukwa zake. Chomalizachi si chachilendo: gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa kale nzika ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene chiganizo cha boma chikukhudza ufulu wake.

Koma tisangodikira aphungu. Inu ophunzira, makamaka a mbiri ndi a zamalamulo, ntchito ndi imeneyi. M'zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Malawi, Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira ake anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba za nkhondo yoyamba. Zambiri zimene tikudziwa lero za Nkhondo ya Chiwaya kuchokera pakamwa pa Amalawi eniake zinapulumuka chifukwa cha ntchito imeneyo. Iwo analibe foni ya m'manja, inu muli nayo m'thumba. Pa holide ikubwerayi funsani kwanu ngati kuli msilikali wakale. Khalani naye pansi mwaulemu, mumupemphe chilolezo, mulembe dzina lake lonse ndi limene analembetsa nalo, nambala yake, gulu lake, malo ndi chaka chimene anavulala, ndi maina a amene anali naye. Jambulani pepala lililonse chiswe chisanamalize. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Phunzirani kuligwiritsa ntchito polemba kalata yopempha fayilo ya agogo anu.

Inu amalonda, ngati m'nyumba mwanu muli kachitini ka mamendulo, musagulitse kwa odutsa ofuna zinthu zakale, ngakhale atchule mtengo wokoma bwanji. Mendulo yopanda dzina ikachoka m'banja, yasanduka chitsulo wamba. Ndipo mlonda wachikulire amene amagona pakhonde la shopu yanu uja, tsiku lina mudzamufunse kumene anali mu 1988.

Chaka chilichonse Lamulungu lachiwiri la November akuluakulu amavala duwa lofiira pachifuwa, n'kukaika nkhata za maluwa pa zipilala ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Lipenga limalira, tonse timakhala chete mphindi ziwiri. Mwambowu ndi wabwino ndipo upitirire. Koma mphindi ziwiri zikatha, pakhale wina woti atsegule fayilo. Anthu amenewa sakupempha chifundo. Akupempha kuti boma lilembe zimene thupi lawo linalemba kalekale.